Wotchi ya Pasukulu Yotsekedwa

Basi inatuluka m'mimba mwa phiri kachisanu ndi chiwiri
nyanja n'kungoti ngwee pansi pathu.
Okwera tinali awiri: ine ndi thumba la makalata.
Dalaivala wa magolovesi oyera
anawerama, kuthokoza mipando yopanda anthu.

Kuno mapiri sapempha njira, amangolowa m'madzi
atabereka mikungudza yawo yonse.
Mudzi unapanika pakati ngati chala pachitseko:
nyumba makumi atatu,
zisanu ndi imodzi zokha ndi zomwe zinali ndi nsapato pakhomo.

Ndinayenda. Ndere za m'nyanja zoyanika pazingwe, zakuda, fungo la mchere.
Zipatso za kaki zopachikidwa m'khonde ziwiriziwiri,
zikukwinyika mosafulumira ngati eni ake.
Minda ya mpunga yotsika masitepe mpaka kugombe,
theka lake udzu utalanda kalekale.
Ndinajambula zonse mwadyera
mpaka basi yobwerera inandidutsa kumsana
osaliza hutala. Kuno saliza.

Bambo Kuniharu anandipeza nditakhalira chikwama.
Zaka makumi asanu ndi atatu, jombo zoyera,
kabelu m'chiuno kothamangitsira zimbalangondo.
Chijapani changa chinali mawu anayi,
awiri mwa iwo othokoza.
Foni inamasulira zonena zawo kuti,
"Nsomba ikudikira mlendo wa dzulo."
Tinaseka, n'kuizimitsa.

Sanayambe apita nane kwawo.
Tinakwera masitepe amiyala zana ndi makumi anayi,
ndinawawerenga ndi mawondo,
mpaka pasukulu ya pamtunda.
Loko wadzimbiri, kiyi wake ali m'khosi mwawo.
M'kati, timashelefu ta nsapato topanda nsapato,
mayina a ana akadali omata.
Anakwera pakampando, ine nditakagwira miyendo,
anatsegula galasi la wotchi yapakhoma
n'kuipukusa kasanu ndi katatu.
Pakalendala Lachinayi lililonse linali lozunguliridwa ndi pensulo.
Wophunzira womaliza, anatero ndi manja,
anali wamfupi chonchi, anatalika chonchi,
ali ku Osaka.

Potsika anaima pa mwala wofika m'chiuno,
malemba ake atadyeka ndi mvula.
Analoza nyanja pansi kutali,
itagona phee ngati sinalakwirepo munthu,
ndiye anakweza dzanja pang'onopang'ono
kupitirira maboti, madenga, mapolo a magetsi,
n'kulikhazika pamutu pa mwalawo.
Apa.
Zimenezi sizinafune foni.

Faifi koloko chimkuzamawu cha pamtengo
chinaimba kanyimbo koitanira ana kunyumba.
Makwangwala okha ndi amene anamvera.

Mayi Chizuru sanafunse kuti ndine yani.
Anangoyang'ana mapazi anga, n'kubweretsa masilipasi aakulu.
Nsomba inalipodi, yowotcha, ikundidikira.
Timitengo todyera tinandikana katatu,
kachinayi nyama inagwera m'msuzi kuti phava,
ndipo iwo, akubisa mano kuseri kwa dzanja,
anakafukula m'kabati supuni ya mwana,
chogwirira chake chili ndi kabakha kofufutika.
Ndinadya nayo osachita manyazi.

Anandiyalira pansi m'chipinda cha mwana wawo.
Pamphuthu pa chitseko panali mizere ya msinkhu,
womaliza wolekeza pachibwano changa.
Usiku wonse mafunde ankakoka timiyala, kutibweza, kutikokanso,
ngati munthu wosankha mpunga mumdima,
ndipo ndikulumbira, kuseri kwa phokosolo
ndinkamva wotchi ija paphiri
ikuwerengera mabenchi nthawi.

M'mawa anandipatsa kaki zinayi m'nyuzipepala.
Mawu anga anayi ndinawanena onse, ena kawiri.
Anawerama mpaka phiri linatimeza.

Lero ndi Lachinayi. Ndili kutali, pamzere wa kubanki.
Kaki yomaliza ndinadya mwezi watha.
Ndikungoganiza za kampando kaja,
mwendo wake umodzi unali wogwedera,
ndipo sindikudziwa amene waugwira.